Alias ndi dzina la pakhomo, musalitumize pa SSH

Ambiri a inu muli ndi mayina awiri. Pali dzina limene lili m'kaundula wa sukulu, lomwe mudzalembe pa pepala la mayeso a Fomu 4. Ndiye pali lina la kunyumba, limene agogo anakupatsani muli wakhanda chifukwa cha kulira kapena kukonda phala. Pakhomo akangotchula dzina lachiwirilo mumayankha msanga. Koma tiyerekeze kuti mwapita ku sukulu yogonera komweko, ndipo achimwene anu akutumizirani kalata atalemba dzina la pakhomolo pa envulopu. Ahedi adzafunsa m'makalasi onse, aliyense n'kumangoyang'ana mnzake, kenako kalata ija idzabwerera kumene yachokera. Pasukulupo munthu wa dzina limenelo palibe.

Makompyuta nawonso ali ndi mayina a pakhomo. Amatchedwa ma alias. Ndipo pafupifupi aliyense amene wayamba kulamula kompyuta ina ali patali amagundana ndi vuto lomweli: dzina limene limagwira ntchito bwinobwino akakhala pa kompyutayo limakanidwa akalitumiza kudzera pa SSH. Funso limene amafunsa ndi lakuti, "Ndichite bwanji kuti alias yanga igwire ntchito kumeneko?" Njira zilipo, ndipo ndikuonetsani. Koma maganizo anga ndi akuti nthawi zambiri musazigwiritse ntchito. Kukana kumeneko si kupusa kwa kompyuta. Ndi mpanda umene anaumanga dala, ndipo ine ndinaphunzira zimenezi m'njira yowawa.

Mawu atatu oti tigwirizane kaye

Shell ndi pulogalamu imene imalandira malamulo amene mukulemba pa kiyibodi n'kuonetsetsa kuti achitika. Mukatsegula terminal pa Ubuntu, kawindo kopanda zithunzi kaja, amene akukudikirirani mmenemo ndi shell yotchedwa Bash. Anailemba ndi Brian Fox ndipo inatuluka koyamba mu 1989. Mukalemba ls, imakuonetsani mafayilo amene ali mu foda. Mukalemba rm ndi dzina la fayilo, fayiloyo imachotsedwa.

Alias ndi dzina lalifupi limene mumapatsa lamulo lalitali. Mwachitsanzo, Ubuntu imabwera ndi iyi:

alias ll='ls -alF'

Mukalemba ll, Bash imachotsa zilembo ziwirizo n'kuikapo ls -alF isanachite china chilichonse. Ndi zokhazo basi: kusinthanitsa mawu. Nzeru imeneyi inatchuka ndi C shell, imene Bill Joy analemba akuphunzira ku Berkeley ku California chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Shell ya Stephen Bourne ya mu 1979, yomwe Bash inatengerako zambiri, inalibe ma alias n'komwe. Kuyambira pachiyambi, alias inapangidwa kuti ipumitse zala za munthu amene wakhala pa kiyibodi. Ma alias ambiri amasungidwa mu fayilo yotchedwa .bashrc, imene Bash imawerenga mukangotsegula terminal.

SSH ndi njira yolowera mu kompyuta ina kudzera pa netiweki, uthenga wonse utabisidwa kuti wina wapanjira asauwerenge. Tatu Ylönen anailemba mu 1995 ku Helsinki University of Technology ku Finland, anthu ena atapezeka akuba mapasiwedi pa netiweki ya yunivesiteyo. Mapulogalamu akale monga telnet ankatumiza pasiwedi ili pambalambanda. OpenSSH, imene makompyuta ambiri a Linux amagwiritsa ntchito lero, inatuluka mu 1999.

Tsono SSH ili ndi magwiritsidwe awiri, ndipo nkhani yonse yagona pamenepa. Mukhoza kulemba

ssh labu3

n'kulowa mu kompyuta ya dzina limenelo, kukhala pansi ngati mlendo, kumalemba malamulo limodzilimodzi. Kapena mukhoza kulemba

ssh labu3 ls

Apa simulowa. Mwangotuma mthenga kuti akapereke kakalata, atenge yankho, abwerere. M'njira yoyamba ll imagwira ntchito. M'njira yachiwiri mumalandira yankho lakuti command not found, kutanthauza kuti lamulo limenelo silikudziwika.

Zimene zinandichitikira

Ndimathandiza kusamalira makompyuta m'labu ya sukulu ina ya sekondale. Ndi makompyuta khumi ndi awiri, onse a Ubuntu. Ophunzira ankafufuta mafayilo mwangozi kawirikawiri, ndipo rm sitaya fayilo m'bini mmene mungakaitolenso. Ikachotsa, yachotsa. Ndiye pa kompyuta iliyonse ndinaika alias iyi:

alias rm='rm -i'

Kachilembo ka i kameneko kamachititsa kuti rm izifunsa kaye pa fayilo iliyonse: ndichotse kapena ayi? Zinkathandiza ndithu. Inenso ndinazolowera. Chaka chonse, ndikalemba rm, kompyuta inkandifunsa, mpaka ndinaiwala kuti amene akufunsayo si rm yeniyeni koma alias imene ndinaika ndekha.

Teremu ikupita kumapeto, makompyuta anali atadzaza ndi mafayilo akale. Madzulo ena ndinakhala pa kompyuta ya aphunzitsi, ulesi woyendera makina onse utandigwira, ndipo ndinatumiza lamulo ili:

ssh labu3 'rm zolemba/*'

M'mutu mwanga ndinali nditakonzeka kuyankha mafunso: iyi inde, iyi ayi, iyi ayi. Ndinkadziwa kuti mu foda imeneyo munali ntchito za ophunzira zimene sizinaperekedwe. Koma funso silinabwere. Sekondi isanathe, kompyuta inali ikudikira lamulo lina, phee, ngati palibe chachitika. Nditayang'ana mu foda ija, munali mbee.

Pakati pa mafayilo amene anapita panali lipoti la mtsikana wina wa Fomu 3 lokhudza kapangidwe ka manyowa. Analitayipa kwa milungu iwiri, masana aliwonse anzake akuweruka. Analibe fulashi, ndipo ine ndinali ndisanakopere kwina. M'mawa mwake nditamuuza, anakhala chete kanthawi, kenako anangofunsa kuti, "Ndiye ndiyambirenso, aphunzitsi?" Anayambiranso, kuchokera mu kope lake la pensulo. Makolo amati safunsa anadya phula. Tsiku limenelo amene sanafunse ndi kompyuta, koma phulalo anadya ndi mwana wosalakwa.

Ndinakwiyira Bash masiku angapo. Kenako ndinakhala pansi kuti ndimvetse chimene chinachitika, ndipo ndinapeza kuti wolakwa ndinali ine.

Zipata zinayi zimene alias imalephera kudutsa

Chipata choyamba chili pa kompyuta yanu yomwe. Bash imayang'ana alias pa liwu loyamba la lamulo. Mu ssh labu3 ll, liwu loyamba ndi ssh. Ka ll kaja ndi katundu chabe amene ssh yanyamula. Choncho ngakhale alias ilipo pa kompyuta yanu, siimasuliridwa, ndipo siyenda nawo ulendowo. SSH imangonyamula zilembo ziwiri, l ndi l, n'kukazitula tsidya linalo.

Chipata chachiwiri ndi fayilo ya .bashrc ya kompyuta inayo. Kakalata kanu kakafika, pulogalamu yolandira alendo yotchedwa sshd imadzutsa shell yatsopano n'kuipatsa lamulolo kuti ichite kenako ife. Shell yotere amaitcha non-interactive, kutanthauza kuti sikucheza ndi munthu. Pa Debian ndi Ubuntu, Bash imazindikira kuti yadzutsidwa ndi sshd ndipo imayamba kuwerenga .bashrc. Koma pafupi ndi pamwamba pa fayiloyo pali mizere iyi:

case $- in
    *i*) ;;
      *) return;;
esac

Ameneyu ndi mlonda. Akufunsa kuti: kodi pali munthu amene wakhala pa kiyibodi? Ngati palibe, bwererani pomwepa, zapansizi musawerenge. Ma alias onse ali pansi pa mlondayo, ndiye shell ija siiwaona n'komwe.

Chipata chachitatu n'chakuti ngakhale mutachotsa mlondayo, Bash payokha simasulira ma alias ikakhala kuti sikucheza ndi munthu. Pali switchi yotchedwa expand_aliases. Mu terminal imakhala yoyatsa. Mu script ndi m'malamulo otumizidwa pa SSH imakhala yozimitsa, pokhapokha mutaiyatsa nokha polemba shopt -s expand_aliases.

Chipata chachinayi ndi chimene chimasokoneza anthu ochenjera. Wina amati, chabwino, ndichita zonse mu mzere umodzi:

ssh labu3 "shopt -s expand_aliases; alias ll='ls -l'; ll"

Izinso zimakanika. Chifukwa chake n'chakuti Bash imawerenga mzere wonse kaye, n'kumasulira ma alias pa nthawi yowerengayo, kenako n'kuyamba kuchita malamulo. Pamene inkawerenga ll wakumapetoyo, alias inali isanabadwe. Zili ngati kulembetsa mwana sukulu mayi ake akadali ndi pakati.

Tsopano onani kusiyana kwa ll ndi rm yanga ija. Ll ikakanidwa pa zipatazi, palibe pulogalamu ya dzina limenelo, ndiye kompyuta imadandaula mokweza ndipo inu mumadziwa kuti china chalakwika. Koma rm ndi dzina la pulogalamu yeniyeni. Alias itakanidwa, rm yeniyeniyo inadzuka n'kugwira ntchito yake mosafunsa. Kulephera kwa phokoso n'kwabwino. Kulephera kwa mwakachetechete ndi kumene kumapweteka.

Njira zokakamizira, ndi mtengo wake

Ndinalonjeza kuti ndikuonetsani. Njira yoyamba ndi iyi:

ssh -t labu3 "bash -ic ll"

Ka i kakuuza Bash ya tsidya linalo kuti ichite ngati pali munthu pa kiyibodi. Ikatero mlonda uja amatsegula, ma alias amawerengedwa, switchi imayaka. Ka t kakupempha SSH kuti ikonze terminal yongoyerekeza, chifukwa popanda imeneyo Bash imadandaula kuti no job control in this shell. Njirayi imagwira ntchito, sindikana.

Koma walira mvula walira matope. Mukapempha terminal yongoyerekezayo, zotsatira za lamulo ndi mauthenga a zolakwika zimasakanikirana mu mpopi umodzi, pamene nthawi zonse zimayenda padera. Mukasunga zotsatirazo mu fayilo, kumapeto kwa mzere uliwonse kumakhala kachizindikiro kena kosaoneka ndi maso, kamene kamasokoneza pulogalamu ina ikamawerenga fayiloyo. Ndipo lamuloli likamayendetsedwa ndi cron, pulogalamu imene imachita ntchito pa nthawi yoikika ngakhale pakati pa usiku, SSH imakana kukonza terminal ija chifukwa kumbali yanu kulibe terminal iliyonse.

Njira yachiwiri ndi kutsegula .bashrc ya kompyuta inayo, n'kulemba shopt -s expand_aliases pamodzi ndi ma alias anu pamwamba pa mlonda uja. Mukatero, ssh labu3 ll imagwira ntchito mosavuta. Ambiri amasangalala pamenepa n'kutseka nkhani.

Vuto ndi lakuti pakhomo limenelo simudutsa inu nokha. Mapulogalamu okopera mafayilo monga rsync ndi sftp, ngakhalenso git, amadutsira pomwepo. Iwo amalankhulana ndi kompyuta inayo m'chinenero chawo cha manambala, ndipo safuna wina alowererepo. Ngati pamwamba pa mlondayo mwaikanso mzere wolemba moni, tinene Takulandirani ku labu, sftp imatenga moniwo ngati gawo la uthenga wake n'kukomoka ndi dandaulo lakuti Received message too long. Mlonda uja anaikidwa pa chifukwa chimenechi.

Taganiziraninso za rm yofunsa ija. Tinene kuti mwaikakamiza kuti izigwira ntchito pa SSH. Mwezi wamawa mnzanu akonza zoti usiku uliwonse mafayilo akale azichotsedwa okha. Lamulo lifika, rm ifunsa funso lake, koma woyankha palibe, aliyense ali mtulo. Mafayilo sachotsedwa, disiki idzaza, ndipo mnzanuyo adzataya tsiku lonse kufufuza chifukwa chimene lamulo lolondola likukanikira. Sadziwa kuti wina anasintha tanthauzo la liwu mobisa.

Chifukwa chake ndili kumbali ya Bash

Mu labu ya sayansi mumaphunzira kuti kafukufuku wabwino ndi amene munthu wina akhoza kumubwereza n'kupeza zofanana. Mukalemba kuti "thirani madzi pang'ono", mphunzitsi amakuchongerani ndi cholembera chofiira, chifukwa pang'ono wanu ndi pang'ono wa mnzanu n'zosiyana. Mumayenera kulemba kuti mamililita 50.

Lamulo lotumizidwa patali liyenera kukhala chimodzimodzi. Likapita ku labu3, labu4 kapena ku seva imene ili ku Johannesburg, liyenera kutanthauza chinthu chimodzi. Koma ma alias ndi a munthu payekha. Wina ll yake ndi ls -alF, wina ndi ls -l, wina alibe. Bash ikanati izimasulira ma alias paliponse, ndiye kuti tanthauzo la lamulo lililonse likanadalira zokonda za mwini kompyuta imene lafikirako. Script imene yayenda bwino kwa ine ikanatha kuwononga zinthu kwa inu. Pozimitsa switchi ija, olemba Bash anasankha kuti makina akamalankhulana okhaokha, liwu lizitanthauza chimene likunena. Buku lofotokoza za Bash nalonso limalangiza kuti pa ntchito pafupifupi zonse ndi bwino kugwiritsa ntchito function m'malo mwa alias.

Ndikudziwa kuti wina akuti, "Koma aphunzitsi, kompyuta ndi wantchito wathu. Bwanji ineyo ndizivutika kulemba zazitali pamene ikudziwa kale chimene ndikufuna?" Funsoli ndi lomveka, ndipo si onse olemba ma shell amene anasankha ngati Bash. Zsh, imene makompyuta a Apple akhala akubwera nayo ngati shell yoyamba kuyambira mu 2019, imawerenga fayilo yotchedwa .zshenv nthawi zonse, ndipo alias yoikidwa mmenemo imagwira ntchito ngakhale pa SSH. Ndiye si lamulo la chilengedwe ngati mphamvu yokokera zinthu pansi. Ndi chisankho cha anthu.

Koma taonani mawu akuti "ikudziwa kale chimene ndikufuna". Amenewo ndi mawu amene ndinali nawo m'mutu madzulo aja. Kompyuta sidziwa chimene mukufuna. Imadziwa chimene mwalemba, ndi mafayilo amene yawerenga. Zilembo zitatu zokha, mpata, kamzere ndi i, zikanapulumutsa milungu iwiri ya mwana uja. Ndinapulumutsa zala zanga sekondi imodzi, wina n'kulipira ndi masana khumi.

Sindikunena kuti bash -ic ndi tchimo. Ngati mwakhala pomwepo, mukungofuna kusuzumira mu foda kamodzi, igwiritseni ntchito. Koma pa lamulo lochotsa, losuntha kapena lolemba pamwamba pa fayilo ina, ndiponso pa lamulo lililonse limene lidzayende inu palibe, ayi.

Zoyenera kuchita m'malo mwake

Choyamba, lembani lamulo lonse. Ndikanalemba chonchi, mafunso akanabwera:

ssh labu3 'rm -i zolemba/*'

Tizizindikiro togwira mawuto n'tofunika. Popanda ito, shell ya pa kompyuta yanu ndi imene imayamba kuyesa kumasulira kanyenyezi kaja poyang'ana mafayilo a kwanu, osati a tsidya linalo.

Chachiwiri, ngati mukufuna dzina lalifupi, lisungeni pakhomo panu, limasuliridwe musanatumize:

alias onani3='ssh labu3 ls -alF'

Apa onani3 ndi liwu loyamba pa kompyuta yanu, ndiye Bash yanu ilimasulira, ndipo chimene chikuyenda pa netiweki ndi lamulo lathunthu limene kompyuta iliyonse ikulidziwa. Zili ngati amayi akuti "ukagule zija", inu n'kukafika pagolosale n'kunena kuti mukufuna sopo ndi mchere. Wogulitsa sadziwa "zija". Kumasulira ndi ntchito yanu musanafike pa kauntala.

Dzina lakuti labu3 nalonso ndi lofupikitsa, koma lili pamalo ake oyenera. SSH ili ndi fayilo yake, .ssh/config, mmene mumalemba Host labu3, pansi pake HostName ndi adiresi ya kompyutayo, ndi User ndi dzina lolowera. Dzina loikidwa mmenemo limadziwika kwa ssh, scp, rsync ndi git, kaya pali munthu pa kiyibodi kaya palibe.

Chachitatu, ntchito ikakhala ya masitepe angapo, lembani script. Imeneyi ndi fayilo wamba yokhala ndi malamulo, mzere uliwonse lamulo lake. Yanga, imene ndinayenera kukhala nayo tsiku lija, ndi iyi, ndipo ndinaitcha sunga.sh:

#!/bin/bash
tar czf zosunga.tar.gz zolemba

Imamanga foda yonse ya zolemba mu mtolo umodzi. Fayiloyi imakhala pa kompyuta yanga, ndipo ndimaitumiza chonchi:

ssh labu3 bash -s < sunga.sh

Ka s kakuuza Bash ya tsidya linalo kuti iwerenge malamulo kuchokera mu zimene SSH yabweretsa. Ubwino wake ndi wakuti script ndi imodzi, aliyense akhoza kuitsegula n'kuwerenga chimene ichite, ndipo ichita zofanana pa makina onse khumi ndi awiri. Ndikatha ndimakopera mtolowo ku kompyuta ina, chifukwa chosunga chimene chili pa disiki yomweyo chimafera limodzi ndi disikiyo.

Nanga function? Imeneyi ndi kagulu ka malamulo kokhala ndi dzina, ndipo imaposa alias chifukwa imatha kulandira mawu owonjezera n'kuwaika paliponse m'lamulo. Siidalira switchi ya expand_aliases, ndiye ikalembedwa pamwamba pa mlonda uja imagwira ntchito pa SSH. Ndi yabwino, komabe imadalira kuti .bashrc ya kompyuta iliyonse ikhale nayo. Pa makina ambiri, script imapambana.

Chachinayi, ndipo ichi ndi chimene ndikufuna mutenge ngakhale mutaiwala zina zonse: musapatse alias dzina la pulogalamu yoopsa imene ilipo kale. Alias ya rm yofunsa ndi yofala kwambiri, moti pa Red Hat ndi Fedora akaunti ya root imabwera nayo kale. Cholinga chake ndi chabwino, koma imaphunzitsa zala zanu bodza lakuti rm imafunsa. M'labu mwathu ndinaichotsa pa makina onse n'kuikapo iyi:

alias chotsa='rm -i'

Tsopano ophunzira amalemba chotsa. Tsiku limene adzakhale pa kompyuta yachilendo, kapena kutumiza lamulolo pa SSH, adzalandira command not found, ndipo palibe fayilo imene idzafe. Ndipo akalemba rm, amadziwa kuti agwira mpeni weniweni.

Yesani nokha

Musakhulupirire chifukwa ndanena ine. Simukufunika makompyuta awiri. Terminal ya Linux iliyonse ikwanira, ngakhale pulogalamu ya Termux pa foni ya Android, imene imakupatsani Bash m'manja. Musanachite yesero lililonse, lembani mu kope chimene mukuganiza kuti chichitika, kenako yerekezani ndi chimene chachitikadi.

Yesero loyamba: lembani alias moni='echo Muli bwanji' kenako lembani moni. Muona moniwo. Tsopano lembani bash -c moni. Mwadzutsa shell yatsopano yosacheza ndi munthu, monga imachitira sshd. Ikuyankhani bwanji?

Yesero lachiwiri: lembani echo $- n'kuona zilembo zimene zatuluka. Kenako lembani bash -c 'echo $-' n'kuyerekeza. Chilembo chimene mlonda uja amafufuza ndi i. Chili pati, ndipo chikusowa pati?

Yesero lachitatu: pangani fayilo yotchedwa yesero.sh yokhala ndi mizere itatu: shopt -s expand_aliases pa mzere woyamba, alias ya moni ija pa wachiwiri, ndi moni pa wachitatu. Iyendetseni polemba bash yesero.sh. Kenako ikani malamulo atatuwo pa mzere umodzi, mutawalekanitsa ndi chizindikiro cha ; ndipo muyesenso. Mwasintha chinthu chimodzi chokha, monga amafunira kafukufuku wabwino. Chasintha n'chiyani pa zotsatira?

Yesero lachinayi: lembani type ls, kenako type rm, kenako type cd. Lamulo la type limakuuzani ngati liwu ndi alias, function, pulogalamu ya pa disiki, kapena gawo la Bash yeniyeniyo. Ndi chizolowezi chabwino kufunsa chonchi mukakhala pa kompyuta imene simukuidziwa.

Ngati kusukulu kwanu kuli makompyuta olumikizana ndipo aphunzitsi akulolani, yesani ssh labu3 echo $HOSTNAME kenako ssh labu3 'echo $HOSTNAME', mutaika dzina la kompyuta ya kwanuko m'malo mwa labu3. Loyamba litchula dzina la kompyuta imene mwakhalapo, lachiwiri dzina la inayo. Mukamvetsa chifukwa chake, mwamvetsa funso lalikulu pa nkhani yonseyi: liwu ili likumasuliridwa ndi ndani, ndipo ali kuti? Paja musalowe mu kompyuta ya munthu popanda chilolezo chake, ngakhale mutadziwa pasiwedi.

Mtsikana uja anapereka lipoti lake mochedwa ndi sabata imodzi, nditakafotokoza kwa aphunzitsi ake a zaulimi kuti kuchedwako kunali kwanga. Pano ali Fomu 4, ndipo ndi iye amene amayendetsa sunga.sh Lachisanu lililonse tisanatseke labu. Tsiku lina anandipeza ndikulemba lamulo lotumiza ku labu3, anaima kumbuyo kwanga n'kuwerenga mzere wonse pa sikirini ndisanadine Enter. Sindinamuletse. Inunso chitani chimodzimodzi: ma alias anu akondeni, achulukitseni, afupikitse ntchito yanu pa kompyuta yanu. Koma lamulo likamatuluka pakhomo, lilembeni ndi dzina lake lonse, ndipo muliwerenge kawiri.